Kope la pambali pa mbaula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Luchenza ku Thyolo. Anamva kuti ine ndimasunga kope lolembamo tinthu tosangalatsa ta m'banja mwathu nyengo yozizira ikafika, ndiye akufuna kudziwa poyambira. Koma kalata yawo inali yolemera. Amuna awo amagwira ntchito pa esiteti ya tiyi, ndipo miyezi ino masamba akachepa, ndalama nayonso imachepa. Ana akutsokomola, zochapa sizikuuma, m'nyumba aliyense wangoti ndwii. Anamaliza ndi kufunsa ngati kulemba zabwino pamene mavuto ali pakhomo sikudzinamiza.

Achemwali, ndiyamba ndi funso lomalizali, chifukwa ndikuona kuti ndi limene lakusowetsani tulo.

Kukanakhala kudzinamiza ndikanati ndizilemba zokoma zokhazokha. Kope ndalitsegula pano pamwendo panga. Tsamba lina la Juni chaka chatha likuti: "Makala atha, yogulira palibe. Tawotha zitsononkho, utsi tolo nyumba yonse. Mzime wagonera pamwendo pa abambo ake, mbatata yosatha kudya ili m'manja." Mwaona? Kusowa kuli pomwepo, sindinakufafanize. Ndinangokana kuti kusowako kumeze tsiku lonse. Mavuto safuna kope, amadzilemba okha m'mutu ndipo sachoka. Ngongole ya kugolosale mudzaikumbukira mpaka Disembala. Koma mbatata ija m'dzanja la mwana, pofika Loweruka ikanakhala itaiwalika.

Ndinayamba m'chisanu cha 2023. Namondwe Freddy atagumula nyumba ndi kukokolola minda mu Malichi kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi kwanu ku Thyolo, azakhali anga ndi zidzukulu zawo anabwera kudzakhala nafe kufupi ndi Chitakale. Pofika Juni tinali tidakali limodzi, mabulangete osakwanira, mitima yosweka. Usiku wina azakhali, amene anatha miyezi osamwetulira, anangoyamba okha kuti "Padangokhala", ana onse n'kuvomera kuti "Tili tonse!" Atafika pa nyimbo ya nthanoyo anaiwala mawu, kamdzukulu kawo n'kuyesa kuwakumbutsa mosokoneza, iwo n'kuseka mpaka misozi. Ndinatenga kope lakale la masamu la mwana wanga, kumapeto kunali masamba atatu osalembedwa, n'kulembapo zimenezo. Ndinkaopa kuti kuseka kuja kungatayike.

Chisanu cha kwathu kuno n'chosiyana ndi cha ku Lilongwe kumene kumazizira koma kouma. Ife tili ndi chiperoni. Mphepo yachinyontho imachokera ku nyanja yamchere ya India, n'kudutsa m'dziko la Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone lomwe linapereka dzinali, ndipo ikagunda mapiri athu imakwera m'mwamba, kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa ya masiku awiri, atatu, nthawi zina kuposerapo. N'chifukwa chake yunifolomu yochapa Lamlungu imafika Lachitatu idakali yachinyezi. Phiri lonse la Mulanje limasowa, nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita ake 3,002 ngati sinakhaleko. Onjezaninso kuti cha pa 21 Juni usiku umatalika pafupifupi maola 13, dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono.

Zimenezi n'zimene zimatitopetsa, komanso n'zomwezo zimatiunjika pamalo amodzi. Mu Okutobala kukatentha aliyense amakhala kwake: anyamata ku mpira, abambo pa bawo, ana panja mpaka usiku. Mu Julayi moto ndi umodzi ndipo onse amaufuna. Nkhani zimene simungazimve chaka chonse zimatulukira pamenepo. Mwana wanga wachisamba, yemwe sayankhula zambiri, anatiuza tikukazinga chimanga pa mbaula kuti akufuna kudzakhala namwino. Kukanakhala kotentha bwenzi ali panja ndi anzake, ife osamva.

Tsono mulembe chiyani? Apa ndikhalitsapo, chifukwa ambiri amagwa ulesi pomwepa. Musalembe kuti "lero ndikuthokoza chifukwa cha banja langa." Mawuwo ndi oona, ndipo m'pemphero ndi malo ake, koma mukadzawawerenga patatha zaka zisanu sadzakuonetsani nkhope ya munthu aliyense. Mukawalemba katatu mudzatopa nawo, kope n'kulisiya. Lembani chimene maso aona ndi chimene khutu lamva. Ananena ndani, ananena bwanji, anafunda chiyani, mumphika munali chiyani. Mwana akapotoza mawu, alembeni mopotoka momwemo, musamukonzere. Wanga wamng'ono nkhungu ankaitchula kuti utsi wa phiri, ndipo m'mawa wina, ali chilili pakhonde atadzikulunga m'chitenje changa, anafunsa kuti akuphika kumeneko ndani. Lero amadziwa kuti ndi nkhungu. Utsi wa phiri unatsala m'kope mokha, ndipo iye mwini akawerenga sakhulupirira kuti ananena ndi iye.

Mizere itatu yakwana. Pamwamba ikani tsiku ndi m'mene kunja kunachera: nkhungu, mawawa kapena dzuwa. Mukadumpha masiku musadziimbe mlandu, pitirizani pomwe mwafika. Langa lili ndi sabata zathunthu zopanda kanthu, makamaka pamene panali matenda.

Kope wamba la kugolosale ndi lokwanira. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imafalikira pepala likakoka chinyezi, ndipo lisungeni m'chitini chotseka bwino. Foni ndi yabwino pojambula mawu a agogo akuimba nthano kapena ana akuponyerana ndagi, koma foni imabedwa, imagwera m'madzi, imadzaza. Zimene mwajambulazo muzilembenso mwachidule.

Ndipo musalembe nokha. Abambo a ana akabwera kuchokera kodulira tiyi, manja atauma gwa ndi kuzizira, musawafunse kuti chawasangalatsa n'chiyani lero. Munthu wotopa, amene akuwerengera masiku kuti mvula ibwere masamba achuluke, funso limenelo limamupweteka. Apatseni madzi otentha, adye, kenako muwafunse kuti aona chiyani panjira. Kwathu zinatenga nthawi. Koma tsiku lina abambo a kunyumba analowa n'kunena okha kuti nandolo wa kuseri kwa nyumba wayamba maluwa, n'kundilozera chitini chija. Mwana amene akuphunzira kulemba mpatseninso pensulo. Zilembo zake zokhotakhotazo n'zimene mudzazikonde kuposa zanu.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa mwatchula chifuwa cha ana ndipo sindingangodutsapo. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Wothani zenera lili lotsekula pang'ono, ndipo pogona itulutseni panja. Mwana akamapuma mofulumira, kapena pachifuwa pakulowa m'kati popuma, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chikhoza kukhala chibayo. Kope silichiza mwana, sililipiranso fizi, ndipo sindikufuna mulitenge ngati mankhwala.

Ndikanakhala kwanuko sabata ino, ndikanayang'ana fungo la nachesi limene limatsala m'zala za ana, futali wa mbatata wa m'mawa, ana akupikisana kutulutsa nthunzi m'kamwa popita kusukulu, ndi makata oyamba nandolo akakhwima. Koma koposa zonse ndikanadikira m'mawa umene chiperoni chimachoka. Mukuudziwa. Mukatsekula chitseko kumwamba kuli mbee, mame akunyezimira m'mizere ya tiyi, phiri la Mulanje labwereranso chakum'mawa ngati lasambitsidwa. Mudzi wonse umatulutsa mabulangete, mipanda n'kudzaza zovala, agogo n'kukokera mkeka kukhoma kumene dzuwa limayambira, nkhuku ndi galu n'kubwera kudzagona pomwepo. Tsiku limenelo anthu amapatsana moni wautali. Chaka chilichonse ndimalilemba, ndipo sanapezekepo masamba awiri ofanana, chifukwa amene wakhala pamkekapo amasintha: wina wakula, wina wapita kutauni, wina watisiya.

Azakhali anabwerera kwawo atamanganso nyumba. Mwezi watha anabwera kudzationa, atanyamula chinangwa ndi nzimbe, ndipo usiku tili pa mbaula ndinatulutsa kope lakale la masamu lija n'kuwawerengera tsamba loyamba. Anakhala chete nthawi yaitali, akusonkhezera moto. Kenako anati nyimbo ija tsopano aikumbukira yonse, ndipo anaiimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ana akuvomera. Pansi pa tsambalo panali malo a mizere inayi. Ndinapempha wachisamba kuti abweretse pensulo, n'kulemba mawu onse pomwepo.