Kwa achimwene a ku South Bend, ku America: za insert ya nkhuni ija

Achimwene, mwafunsa ngati mungalowetse insert ya nkhuni (mbaula yachitsulo yolowetsa m'malo owothera moto) mu fireplace ya m'nyumba mwangogulayi, poti mwaipeza yotchipa pa Facebook ndipo bilu ya gasi yakumalizani. Chithunzi mwaikacho ndachiona bwinobwino. Ndalama zanuzo zikhale kaye m'thumba.

Njerwa mukuona m'katimo si njerwa ayi. Ndi timapanelo topyapyala tokhala ngati simenti, tongodinda mizere kuti tizioneka ngati zomanga. Kuseri kwake kuli bokosi la malata, ndipo kuseri kwa bokosilo kuli matabwa a nyumba yanu, pafupi zedi. Ngati mukukayika, tulukani panja muone chumuni. Mukapeza kuti chavekedwa siding (zokutira khoma kunja) ngati khoma wamba, pamwamba pali chivindikiro cha lata ndi paipi yozungulira, basi, imeneyo ndi ya ku fakitale, imene kuno amati prefab kapena zero clearance.

Bokosi limenelo analipangira moto wa pamtetete, wowotha madzulo maola ochepa, kutentha kwambiri kukuthawira kumwamba. Chimene chimateteza matabwa ndi mpweya woyenda pakati pa malatawo. Tsono insert ndi mbaula yachitsulo yotseka chitseko, yosunga moto usiku wonse, tsiku ndi tsiku kuyambira Novembala mpaka Malichi. Thabwa likamawambidwa chonchi zaka ndi zaka limauma, kuda, n'kuyamba kusanduka makala, ndipo likafika pamenepo silifunanso kutentha kwambiri kuti ligwire moto. Zonsezi zimachitika m'kati mwa khoma, momwe diso silifika.

Palinso nkhani ya chumuni. Ma fireplace a ku fakitale amayesedwa pa muyezo wa chitetezo wotchedwa UL 127, ndipo chumuni cha ambiri mwa iwo chinayesedwa kufika 1700°F. Mbaula ya nkhuni imafuna chumuni chopirira 2100°F. Chifukwa chake ndi creosote, phula lakuda lija limene utsi umasiya m'paipi, makamaka mukatseka mpweya kuti moto uziyaka pang'onopang'ono kapena mukasonkha nkhuni zaziwisi. Phulalo likayaka, paipi imalira ngati ndege ikunyamuka.

Sindikuti n'zosatheka. Zimatheka, koma mabuku awiri a malangizo, la fireplace ndi la insert, agwirizane. Tengani tochi, mugwade, mufufuze kachitsulo kolembedwa dzina la kampani ndi nambala ya model. Kawirikawiri kamakhala m'mbali mwa khomo la fireplace, kuseri kwa sefa yawaya ija, ndipo mwina mwaye wakaphimba, pukutani. Ndi nambalayo mupeza buku lake pa intaneti. Mabuku ambiri amanena mosabisa kuti musaikemo insert kapena chipangizo china chimene kampaniyo sinavomereze. Lanu likatero, nkhani yathera pomwepo, ngakhale wogulitsa insert atalumbira kuti kwake inagwira bwino ntchito. Likalola, tsegulani buku la insert: liyenera kunena kuti inayesedwa kuikidwa mu fireplace ya ku fakitale, pakuti zambiri ndi za fireplace ya njerwa yokha. Apa m'pamene yotchipa yanu ija ikundidetsa nkhawa. Insert yakale yopanda buku, kachitsulo ka kumbuyo katachoka, palibe inspekitala angaisainire.

Ine ndinatsala pang'ono kuchita zomwezi. Miyeso ndinali nditatenga kale, insert imalowa bwino, kutsala mpata wa chala. Mayi a kunyumba ndi amene anaumirira kuti tiitane wosesa chumuni kaye, ine ndikuona ngati tikutaya ndalama. Bamboyo analowetsa kamera m'paipi, n'kundionetsa pa foni pamene zidutswa ziwiri zinasiyana, mpata wooneka ndi maso. Titagumula bokosilo miyezi ingapo pambuyo pake, thabwa la pamwamba pake linali lakuda mbali imodzi ngati chimanga chopserera. Ndipo umenewo unali moto wamba wa eni nyumba akale, insert isanalowemo.

Mabuku onse akavomera, ntchito yake ndi iyi. Liner (paipi yolowetsa m'kati mwa chumuni) ya stainless steel, nthawi zambiri ya mainchesi 6, yoyesedwa pa UL 1777, ichoke pa insert penipeni mpaka pamwamba pa chumuni, yokutidwa ndi insulation monga buku likunenera. Osamvera za kuika kapaipi kakafupi kongolowa pakhosi. Timipata ta mpweya ta pamwamba ndi pansi pa fireplace, komanso ta kumutu kwa chumuni, tisatsekedwe, ngakhale chitsulo chokongoletsa cha insert chitaoneka bwino chitatiphimba. Bokosilo lisadulidwe kuti insert ikwane. Chochotsa ndi chokhacho chimene buku latchula. Muganizirenso kulemera, chifukwa insert zambiri zimapitirira mapaundi 300, pamene pansi pake ndi lata. Kutsogolo kwa chitseko pafunika malo osayaka a mainchesi 16 kuno ku America, ku Canada ndi 18, ndipo shelefu yathabwa ya pamwamba ija ili ndi mtunda wake wolembedwa.

Musanagule kalikonse itanani wosesa chumuni wa satifiketi ya CSIA (bungwe loona za chitetezo cha machumuni), mumuuze kuti mukufuna Level 2 inspection, kuyendera chumuni mozama, imene muyezo wopewera moto wa NFPA 211 umafuna munthu akamasintha chipangizo. Chilolezo mukatenge ku ofesi ya zomangamanga, a inshuwalansi muwadziwitse polemba, osangoti pa foni. Alamu ya carbon monoxide ikhale pafupi ndi kuchipinda. Tonse tinakula tikumva za anthu ogona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa Juni osadzukanso, mpweya wake ndi womwewo.

Kwathu tinachotsa bokosi lonse ndi paipi yake, n'kuika fireplace yotseka chitseko yovomerezedwa ndi EPA (bungwe la boma loona za chilengedwe), yobwera ndi chumuni chakechake. Zinadula kuposa insert, sindikunamizani, tinadikira chaka chathunthu tikusunga. Ena amaika mbaula yoima payokha pakona ina ndi paipi ya Class A (chumuni chachitsulo chopirira moto wa nkhuni), fireplace yakaleyo n'kuisiya ya makandulo.

Jambulani kachitsulo kaja muike pano, ndi ka kumbuyo kwa insert ngati kalipo. Ndikaweruka madzulo ndikuthandizani kufufuza mabuku ake.