Kuyenda wapansi pa Likoma ndi Chizumulu: yankho kwa achimwene a ku Lilongwe

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Mwachidule anati: iye ndi akazi ake apatsidwa tchuthi mwezi wa Ogasiti, atopa ndi maulendo okangokhala pa mpando m'mphepete mwa nyanja ku Salima, ndipo akufuna kukayenda wapansi pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, kukwera mapiri ndi kutsikira m'magombe. Mafunso ake anali atatu. Kodi masiku anayi akwana? Kodi pa kachilumba kakang'ono chotero pali poyenda pokwanira? Nanga Chizumulu n'kofunikadi, kapena angothera pa Likoma?

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyamba ndi masiku anayiwo, chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse.

Masiku anayi sakwana. Sikuti zilumbazo ndi zazikulu ayi. Likoma ndi makilomita pafupifupi 8 mulitali, ndipo munthu wamphamvu zake angadzuke mbandakucha kumpoto n'kukadya nsima ya masana kumwera. Chizumulu ndiye kachepa kwambiri. Koma ulendo wa kumeneko wolamula ndi nyanja ndi sitima, osati kalendala ya ku ofesi kwanu. Sitima ya Ilala imachoka ku Monkey Bay kulowera kumpoto kamodzi pa sabata n'kubwereranso kumwera, ndiye kuti pa zilumbazi imaima kawiri basi pa sabata. Palinso masitima ang'onoang'ono ndi maboti ochokera ku Nkhata Bay, koma tsiku ndi ola zimasinthasintha, moti musakhulupirire ndandanda imene mwaiona pa intaneti. Imbani foni ku malo amene mukagoneko sabata yonyamukirayo, iwo ndi amene amadziwa chimene chikuyenda. Kuchokera ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 70 a madzi okhaokha. Mukawerengera tsiku lochoka ku Lilongwe, tsiku la pa nyanja, ndi masiku awiri obwerera, masiku anu anayi athera m'njira musanaponde n'komwe phiri. Pemphani sabata yathunthu, kuti pamodzi ndi Loweruka ndi Lamulungu a mbali zonse ziwiri akhale masiku asanu ndi anayi, ndipo ngati abwana angalole, onjezani tsiku limodzi loti sitima ikachedwa musagwe mphwayi. Ndege zing'onozing'ono zimatera pa Likoma, inde, koma mtengo wake ndi wina, komanso Chizumulu sizifikako.

Ndipo kunena zoona, Ilala ndi gawo la ulendowo. Sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa n'kulumikizidwa kunoko, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951. Ine nditafika koyamba pa Chizumulu unali usiku, sitima inaima patali ndi gombe, ndipo tinatsikira m'boti pamodzi ndi matumba a chimanga, malata, makireti a zakumwa ndi mayi wina amene anabereka mwana kumbuyo atasenza ndowa yodzaza tomato. Boti litagunda mchenga tinalumphira m'madzi ofika m'maondo. Mnyamata amene sindinkamudziwa ananditola chikwama n'kuchisenza pamutu mpaka kumtunda, kenako n'kubwerera kukatenga cha wina osadikira ngakhale zikomo. Valani nsapato zosaopa madzi tsiku limenelo, foni ndi ndalama muzikulunge m'jumbo.

Tsopano mwezi wanu wa Ogasiti. Kwa munthu woyenda wapansi ndi mwezi wabwino: mvula kulibe, udzu wauma moti njira zimaoneka, ndipo kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kusanafike. Vuto lake ndi mwera. Mphepo imeneyi imachokera kumwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, ndipo ikakalipa nyanja imasanduka ina. Asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndipo woyendetsa boti wanzeru amakana kunyamuka. Akakana, musamunyengerere ndi ndalama. Ndikunena izi motsindika chifukwa alendo ambiri amene ali ndi tsiku lobwerera kuntchito ndi amene amakakamiza ulendo, ndipo nyanjayi yamezapo anthu odziwika. Chauncy Maples, mmodzi mwa amene anayambitsa mishoni ya pa Likoma, anamira m'nyanja yomweyi mu 1895, chaka chomwe anadzozedwa kukhala bishopu, boti lawo litagubuduzika ndi namondwe. Ngati mlamu wanga sanazolowere mafunde, agule mankhwala oletsa kusanza ku Lilongwe komweko.

Funso lanu lachiwiri: kodi pali poyenda? Palipo, ndipo ndikuuzani mmene ine ndingagawire masiku.

Tsiku loyamba musathamange. Yambirani pa Mbamba, pamene pali doko, msika ndi maofesi a boma, mukwere pang'onopang'ono kupita ku Chipyela kukaona tchalitchi cha St Peter's. Ndikudziwa kuti mwanena kuti mukufuna mapiri ndi magombe, koma munthu sangamvetse Likoma asanalowe m'nyumba imeneyi. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anafika pa chilumbachi m'zaka za m'ma 1880, ndipo tchalitchichi anayamba kumanga mu 1903. Kutalika kwake kumayandikira mamita 100, pa chilumba chimene ngakhale lero, pamodzi ndi Chizumulu, kalembera wa 2018 anapeza anthu osakwana 15,000. Dzina loti Chipyela likuchokera ku kupsa: pamalopo ndi pamene kale ankawotchera anthu oganiziridwa ufiti, ndipo amishoniwo anasankha dala kumanga pomwepo. Mkatimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Chifukwa cha mishoni imeneyi zilumbazi zinakhala za Nyasaland ndipo lero ndi za Malawi, chonsecho zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mukaima pa Mbamba mapiri amene mukuwaona tsidya lija ndi a ku Cobué, pafupi kwambiri moti usiku nyali zake zimaoneka. Ngati mudzakhalepo Lamulungu, lowani m'mapemphero ngakhale simuli a Anglican. Nyimbo zikayamba pansi pa denga lalitali lija, thupi limachita tsemwe.

Tsiku lachiwiri ndilo la phiri. Macholo ndiye malo okwera kwambiri pa Likoma, chakumwera kwa chilumba. Musayembekezere Mulanje kapena Dedza. Kukwera kwake n'kwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, malinga ndi kumene mwayambira. Chimene chimatopetsa ndi miyala. Njira imadutsa pakati pa matanthwe akuluakulu ndi minda ya chinangwa, ndipo pena imasowa m'udzu n'kukatulukira kuseri kwa mlambe. Nyamukani kusanache bwino. Ine ndinafika pamwamba dzuwa likungotuluka kumapiri a Mozambique, ndipo pansi pa nyanja mabwato a usipa anali kubwerera kugombe, nyali zawo zina zikadali zoyaka. Kumadzulo Chizumulu chinali chitakhala phee pamadzi ngati ng'ombe yogona. Patali ndinaona chinthu ngati utsi wakuda ukukwera kuchokera m'madzi, ndipo mnyamata amene ankandiperekeza anangoti, "Nkhungu zimenezo." Ndi tizilombo touluka tija timene timatuluka m'nyanja mwaunyinji, anthu a m'mbali mwa nyanja amatikola ndi madengu n'kuumba ndiwo. Ndinakhala pa mwala nthawi yaitali osayankhula. Potsika lunjikani ku magombe a kumwera, cha ku Nkhwazi ndi Chiponde, mukasambe thukuta.

Malambe a pa Likoma ndi oyenera ndime yakeyake. Kwathu kumtunda mlambe umakhala umodzi pamudzi, anthu n'kumalozerana njira ndi iwo. Kuno ali paliponse, pa gombe, pakati pa minda, kuseri kwa sukulu, ena atakumbatirana ndi miyala. Mu Ogasiti amakhala atayoyola masamba onse, otuwa, ndipo pakati pawo mitengo ya mango yokha ndiyo yobiriwira. Dzuwa likafika paliwombo mudzaidziwa ntchito ya mango amenewa, pakuti mthunzi wina kulibe. Kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 3 musayende. Khalani pansi pa mtengo, kapena m'madzi.

Tsiku lachitatu pitani kumpoto, ku Makulawe ndi ku Yofu, mubwerere cha ku Ulisa kumene dzuwa limalowera m'nyanja. Mbali imeneyi njira ndi zamchenga, ndipo mudzadutsa m'midzi ya asodzi yokhayokha: mathandala a usipa wowuma, makoka a chilimira atayanikidwa, abambo akusoka pong'ambika. Pano ndili ndi pempho, ndipo ndilo limene ndikufuna mulisunge koposa zonse. Magombe amenewa si malo opanda eni. Ndi pamene amayi amatsukira mbale ndi kuviika chinangwa cha kondowole, ndipo midzi yambiri ili ndi dooko la amuna ndi la akazi losambira. Mukamayandikira gombe imani patali, nenani odi, funsani ngati n'kololeka kudutsa. Mlamu wanga atenge chitenje. Musajambule munthu musanamupemphe. Inu ndinu Mmalawi, izi mukuzidziwa kale, koma ndaona anthu a m'tauni akufika kumudzi kwa eni n'kuiwala ulemu umene agogo awo anawaphunzitsa, ati chifukwa ali pa tchuthi. Moni wa pa Likoma sathamangira. Chinyanja chawo chili ndi kakomedwe kake, mawu ena mudzafunsa kawiri, ndipo kufunsako ndiko kumatsegula macheza. Ulendo wa maola awiri umatha maola anayi chifukwa cha moni ndi kukhala pa mkeka, ndipo simudzadandaula.

Za operekeza: simungasochere kwenikweni pa chilumba, nyanja imakubwezani. Komabe pa Macholo tengani mnyamata wa komweko, mugwirizane mtengo musananyamuke, ndipo mumulipire mosanyinyirika. Ntchito pa chilumba ndi zochepa.

Ndiye Chizumulu. Mwafunsa ngati n'kofunika. Achimwene, mukasiya Chizumulu mwasiya mtima wa ulendo wanu. Chili makilomita pafupifupi 10 kumadzulo kwa Likoma, ndipo maboti a anthu wamba amawoloka nyanja ikakhala bata. Kumeneko mapazi ndiwo galimoto. Phiri la Chingole latenga mbali yaikulu ya chilumba, ndipo chifukwa nthaka ndi yochepa anthu anapanga minda ya chinangwa m'mbali mwa phiri, atatchinga dothi ndi mizere ya miyala kuti mvula isalikokolole. Mukamakwera mumaponda ntchito ya manja ya mibadwo ingapo, mwala uliwonse unanyamulidwa ndi munthu. Pali njira yozungulira chilumba m'mphepete mwa madzi, yolumikiza midzi ya Same ndi Chiteko, ndipo mungaimalize m'maola ochepa, koma ipatseni tsiku lonse. Madzi a kumeneko ndi oyera moti nsomba za mbuna zamitundumitundu mumaziona mutaima pamwala, zabuluu, zachikasu, zikudya ndere. Mudzamvanso Chitonga chambiri kuno, pakuti ubale wa anthu a pa Chizumulu ndi a ku Nkhata Bay ndi wakale. Goneraniko masiku awiri. Njira yabwino ndi kutsikira pa chilumba chimodzi, kuwoloka ndi boti pakati pa sabata, n'kukakwerera sitima pa chinacho.

Zonyamula n'zochepa: nsapato zolimba za pamiyala, chipewa, botolo la madzi la malita awiri aliyense, tochi, juzi ya usiku pa sitima chifukwa mwera umazizira, neti ngati mukagone malo otchipa, ndi ndalama zapamanja zokwanira ulendo wonse. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza netiweki ikakhalapo, koma musadalire zimenezo zokha. Zinthu m'magolosale n'zokwererapo mtengo kusiyana ndi ku Lilongwe pakuti chilichonse, ngakhale chimanga ndi nkhuni, chimabwera pa madzi. Malo ogona alipo a misinkhu yonse, kuyambira ma resitihausi a pa Mbamba mpaka malo odula a alendo akunja. A pakatikati amadzaza msanga mu Ogasiti, choncho sungitsani malo. Chakudya musadere nkhawa: kondowole wa utaka kapena usipa wofutsa, ndipo mukachita mwayi, kampango.

Mawu awiri a zaumoyo. Malungo aliko monga kulikonse m'mbali mwa nyanja. Likodzo nalo liliko, makamaka m'madzi odekha a bango pafupi ndi midzi, kumene kumakhala nkhono zofalitsa matendawa. Sambirani pa magombe otseguka amene mafunde amamenya, funsani eni mudzi ngati pamalopo panaonekapo ng'ona, ndipo pakatha miyezi iwiri mutabwerera kukayezetseni kuchipatala. Pa Likoma pali chipatala cha St Peter's, koma vuto lalikulu limafuna kuwolokera kumtunda, ndiye pamiyala ya Macholo ndi Chingole pondani mosamala, makamaka potsika.

Mwina mudzakhumba kuwolokera ku Cobué mukadzaona mmene kwayandikirira. N'zotheka, koma kumeneko ndi dziko lina, tengani mapasipoti ndipo mukadinditse ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka pa Likoma musanakwere boti. Ine ndikanati ulendo uno kusiyeni, sabata imodzi ndi ya zilumba ziwirizi.

Mukakamva kulira kwa ng'oma ndi malipenga madzulo ena, siyani zonse mulondole. Magulu a malipenga a pa Likoma ndi Chizumulu amavina atavala zoyera, makabudula ndi masokosi ofika m'maondo, ndipo amayi ali ndi chioda chawo. Nyengo yachilimwe ndi imene magulu amayenderana, kotero Ogasiti wanu angakuchitireni mwayi. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva ngati njira yokwerera Chingole kuchokera ku Same ikadali momwe ndinaisiyira. Moni kwa mlamu wanga.