Funsani Azakhali: Chipere cha amwenye chandikanika

Mwezi uno makalata achuluka a kukhitchini, ndipo angapo akufunsa za zakudya za amwenye zopanda nyama. Ndawaika pamodzi. Amene munalemba za lendi ndi za mapepala, pepani, tidzakumana mwezi wa mawa.

Azakhali, ndine mayi wa zaka 34, kwathu ndi ku Chiradzulu. Ndatha miyezi isanu ndikugwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina lachimwenye ku Lenasia, kuno ku Johannesburg. Anthuwa sadya nyama, nsomba, ngakhale dzira. Tsiku ndi tsiku pamafunika dhal, mpunga, roti (chapati) ndi ndiwo imodzi yamasamba. Adona anandionetsa kawiri kokha, mothamanga, poti amalawirira ku shopu. Zokometsera zonse ndimathira monga anandiuzira, koma agogo a m'nyumbamo amangolawa kamodzi n'kukankhira mbale uko, ati n'zosapsa. Chonsecho dhalyo amakhala atafeweratu. Ndikulakwitsa pati? Ndikuopa kuti ntchito indithera. — Mayi wodandaula, Lenasia

Achemwali, khazikani mtima pansi. Mwana wa ku Chiradzulu sangagonje ndi dhal, chifukwa dhal ndi chipere. Uja amwenye amati toor dhal, amene m'mashopu a kuno amalembedwanso kuti oil dhal, ndi nandolo wathu yemweyu, wopera n'kuchotsa makoko. Nandolo wambiri wolimidwa ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi kwanu komweko amakwera sitima kupita ku India. Musamuone ngati mlendo.

Tsono chosapsa chimene agogowo akunena si nandoloyo ayi, akunena zokometsera. Ine ndinagwira ntchito zaka 11 kwa banja lachigujarati ku Mayfair, ndipo mwezi woyamba ndinkachita zomwe mukuchitazo: poto akuwira, ine n'kumawaza tiufa tonse pamwamba monga timachitira ndi curry wa m'paketi pa nyemba. Zokometsera zongowira m'madzi zimakhalabe zaziwisi, palilime zimamveka ngati fumbi. Fungo lake limadzuka zikakumana ndi mafuta otentha, ndipo mafutawo ndi amene amalinyamula n'kulifikitsa mumphika monse. Agujarati ntchito imeneyi amati vaghar, olankhula Chihindi amati tadka. Siitha ndi mphindi ziwiri zomwe, koma ndi imene agogowo akuisowa m'mbale mwawo.

Chitani chonchi. Kapu imodzi ya oil dhal muitsuke katatu ndi madzi otentha, chifukwa amamupaka mafuta kuti asafumbwe ndipo mafutawo sakoma. Muviikeni kwa ola limodzi. Mutereke ndi makapu 4 a madzi ndi theka la sipuni yaing'ono ya haldi, ufa wachikasu uja ena amati borrie. Thovu loyera likakwera, lichotseni ndi sipuni. Matimati ndi mandimu zidikire mpaka nandolo afewe, poti zowawasa zikalowa msanga zimamuchedwetsa kupsa. Akafewa thirani mchere ndi matimati awiri oduladula, mupukuse ndi mthiko monga chipere, koma asalimbe ngati chathu chija chodyera nsima. Dhal azithirika pa mpunga ngati phala la wodwala.

Apa ndiye pagona nkhani. Tengani kachiwaya kakang'ono, muthiremo masipuni aakulu awiri a mafuta kapena ghee (batala wosungunula wa amwenye), ndipo zokometsera zonse zikhale zitayalidwa pafupi musanayatse moto, chifukwa nthawi yotsegula mabotolo simuipeza. Mafuta akatentha, yambani ndi rai, sipuni yaing'ono imodzi. Rai ndi njere za mpiru basi. Zisiyeni zithetheke ngati mbuliwuli. Zikapanda kuthetheka zimawawa. Kuthetheka kuja kukamazirala, thirani jeera, tinjere tija pa Chingerezi amati cumin, sipuni yaing'ono imodzi, muwerenge chamumtima mpaka 10, afiire pang'ono. Atsatire tsabola wouma ndi masamba a curry angapo. Nkhope italikire, masambawo amalavula mafuta. Pomalizira penipeni, kahing kotapa ndi nsonga ya mpeni. Pompo khuthulirani zonse mu dhal, imveke tswee, n'kuvundikira kuti fungo lisathawe. Zikakupsererani n'kuda bii, musamvere chisoni mafuta. Tayani, tsukani kachiwayako, yambaninso. Jeera wopserera amawawitsa mphika wonse, ndipo palibe shuga angamubise.

Hing ameneyu, tsiku loyamba kutsegula kabotolo kake mudzayesa mwagula dzira lovunda. Ndi utomoni wouma wa muzu wa chomera china cha ku Iran ndi ku Afghanistan. Akagwera m'mafuta fungo lija limasanduka ngati la anyezi wokazinga ndi adyo, n'chifukwa chake mabanja osadya anyezi ndi adyo, monga a chipembedzo cha Jain, amamudalira. Afunseni adona ngati m'nyumbamo muli masiku osadya anyezi. Mabanja ambiri achihindu amamusala pa nyengo ya chikondwerero chawo cha Navratri, ndipo sakumbuka kuti wantchito watsopano sadziwa.

Simunandiuze kuti makolo a mabwana anu anachokera dera liti la India, pamene kaphikidwe kamatsata kumeneko. Amwenye oyamba anafika ku Durban mu 1860 pa sitima yotchedwa Truro, kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo ambiri anali a kum'mwera, olankhula Chitamil ndi Chitelugu. Dhal wawo amakonda bwemba, adyo ndi tsabola. Amalonda a ku Gujarat anadza pambuyo pake podzilipirira okha ulendo, ndipo ambiri anakhazikika kuno kumtunda. Poti mwati sadya ngakhale dzira, mtima wanga ukuti anuwo ndi Agujarati. Ngati ndalasa, dhal wawo azikhala wotsekemera ndi wowawasa nthawi imodzi: kachibuluma ka gor, shuga wa nzimbe wowumba uja, madzi a theka la ndimu, jinja wosinja, ndi mtedza wodzaza dzanja wowiritsira momwemo. Poyamba ine zinkandinyansa kuthira shuga m'ndiwo. Lero chipere chopanda kashuga ndimachiona chosowa kanthu, ndipo ana anga amandiseka.

Chinanso chimene palibe anandiuza nditangofika: Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi amawira pa madigiri ngati 94, osafika 100. Nyemba zimene ku Nsanje zikanapsa kale, kuno zimangovina mumphika. N'chifukwa chake khitchini za amwenye sizisowa pressure cooker. Mmenemo dhal woviika amapsa m'mphindi 12 kapena 15 chiyambireni kulira. Musadzaze kupitirira theka, poti thovu la nandolo limatseka kabowo kotulukira nthunzi, ndipo musakakamize kutsegula nthunzi isanathe.

Ndimalize ndi manyazi anga. Tsiku lina, pofuna kukometsa, ndinaponyamo kakyubu ka msuzi wa nkhuku. Ndinkati si nyama, ndi zokometsera chabe. Adona anaona kapepala kake m'bini. Sanandikalipire, koma dhal yense anakathera kunja, ndipo poto uja sanalowenso m'khitchini mwawo. Anandipatsa ine, ndikuphikirabe mpaka lero. Werengani zolembedwa pa paketi iliyonse, ndipo sipuni imene mwavundulira usipa wanu kuchipinda kwanu isayandikire miphika yawo.

Azakhali, ndine mnyamata wosakwatira, ndimagwira ntchito yaulonda. Nyama yakwera mtengo ndiye ndayamba kuphika nyemba ndi chapati. Koma chapati changa chikazizira chimauma gwa, mpaka mnzanga wogona naye chipinda chimodzi akuti tikafolerere nyumba kumudzi. Ndithandizeni. — Mlonda, Rosettenville

Mwana wanga, mnzakoyo ndi wamwano koma sakunama. Chapati, kapena roti monga amanenera kuno, chimauma pa zifukwa ziwiri: ufa wokanda mouma, ndi chiwaya chosatentha. Moto ukachepa, roti amakhalitsa pachiwaya ndipo madzi onse amathawa.

Yesa njira ya amayi a ku Durban. Makapu awiri a fulawa wamba, mchere pang'ono, masipuni aakulu atatu a mafuta, n'kuthira kapu imodzi ya madzi owira kumene, osati ofunda. Takasa ndi foloko kufikira utatha kugwira osapsa, kenako kanda mphindi zisanu. Madzi owirawo amaufooketsa fulawa kuti usakokeke, ndiye roti amakhala wofewa mpaka mawa. Vundikira ufawo upume mphindi 20. Usadumphe zimenezi ngakhale njala ikulume. Dula magawo 8, uyale mopyapyala, botolo la chabe limagwira ntchito ngati ulibe choyalira. Chiwaya chitenthe kwambiri. Mbali yoyamba theka la mphindi, matuza akaoneka tembenuza, paka timafuta, tembenuzanso, chotsa. Aliyense wopsa alowe m'kansalu koyera, pamwamba pa mnzake, kuti nthunzi yawo iwafewetse okhaokha.

Za nyembazo, ma sugar beans ukawaphika ndi vaghar amene ndafotokozera amayi a ku Lenasia, kuwonjezapo anyezi, adyo, masala ndi mbatatesi ziwiri zoti zisungunukiremo, ndiye nyemba zomwe zija amathira m'buledi wobowola ku Durban n'kumati bunny chow. Uziviike usiku, ndipo ziwire mwamphamvu mphindi 10 zoyamba usanachepetse moto, makamaka zofiira zija. Nyemba zosawira bwino zimatsegula m'mimba, ndipo mlonda sachoka pageti.

Azakhali, ndinadya therere lobala kwa anzanga achimwenye a kuntchito, linali louma bwinobwino, losananda. Ine ndikayesa limananda basi. Amathira mankhwala anji? — Namwino, Turffontein

Palibe mankhwala, achemwali, kungoti ife ndi iwo timafuna zosiyana pa therere limodzimodzilo. Ife timathira madzi ndi soda kapena chidulo kuti linande, litsetsereke ndi nsima. Iwo, amene amalitcha bhindi, amathawa madzi ngati mphaka. Litsukeni lisanadulidwe, mulipukute limodzilimodzi ndi kansalu, liume ndithu, ndipo mpeni ndi thabwa zikhalenso zouma. Likazingeni m'chiwaya chotakata, pamoto wamphamvu, osavundikira, osatakasatakasa. Kunanda kukatha, pakadutsa mphindi ngati 10, ndiye muthire anyezi, haldi, ufa wa dhania (coriander) ndi jeera, tsabola. Mchere ubwere kumapeto chifukwa umatulutsa madzi, ndipo madontho a ndimu amadula kunanda kotsalako.

Njira yomweyi, ya mafuta ndi njere poyamba, masamba pambuyo, madzi pang'ono kapena osathira n'komwe, imagwira pa kabichi, pa mabilinganya ndi mbatatesi, ngakhale pa bonongwe. Inde, bonongwe. Amwenye a ku Durban amamudya kwambiri, amamutcha herbs kapena bhaji, ndipo amamukazinga ndi adyo ndi tsabola wouma. Tsiku limene adona anga anabwera naye kuchokera kumsika, atamugula ndi ndalama, ndinaseka mpaka misozi, poti kwathu amamera yekha kuseri kwa khola.

Zokometsera zimenezi ndingazipeze kuti, ndipo ndiyambe ndi ziti? Nanga zimayenda ndi nsima? Bambo a kunyumba sagona osadya nsima. — Mayi wa ana atatu, Yeoville

Pitani ku Fordsburg, m'mashopu a mu Mint Road ndi a mu Oriental Plaza, msika uja anamangira amalonda achimwenye m'zaka za m'ma 1970 atawasamutsa ku Pageview pansi pa lamulo la tsankho la Group Areas Act la 1950, lomwe linabalanso Lenasia. Kumeneko amayeza pasikelo, ndiye gulani pang'onopang'ono, magalamu 50 kapena 100. Zokometsera zaufa zikakhalitsa zimatha fungo, ndipo chithumba chachikulu chotchipa chimasanduka utuchi musanachifike pakati. Yambani ndi rai, jeera wanjere, haldi, ufa wa dhania ndi tsabola. Hing ndi garam masala zibwere mwezi winawo. Garam masala, ufa wa zokometsera zosakaniza, amawazidwa kumapeto, ndiwo zitapsa. Masamba a curry gulani aawisi, otsala muwasunge mufiriji m'kapulasitiki.

Mukafika musachite mantha ndi mayina. Moong ndi mphodza, chana ndi tchana, imli ndi bwemba.

Za nsima, auzeni bambowo asadere nkhawa. Dhal mukamulimbitsa pang'ono, osathira shuga, amayenda ndi nsima monga chipere chimayendera, ndipo mabilinganya a mbatatesi ndiye osanena. Tsiku limene mwatopa kapena magetsi atsala pang'ono kuzima, phikani khichdi: kapu imodzi ya mpunga, kapu imodzi ya mphodza zopera, makapu 6 a madzi, haldi ndi mchere, zonse mumphika umodzi mpaka zifewe ngati phala lolimba, kenako jeera wokazinga mu ghee pamwamba. Amwenye amapatsa ana ndi odwala. Ngati wina wobwera pa basi wakubweretserani mpunga wa Kilombero, sungirani khichdi ameneyu; kafungo kake kamagwirizana ndi jeera kuposa basmati, ndipo mawu amenewa ndinawanena pamaso pa adona anga omwe. Bambowo mwina afunsabe nsima ikatha mbale yoyamba. Apatseni yotsala masana.