Kodi makalata a alembi anatulutsapo munthu m'ndende?

Achimwene, mwafunsa kuti mgwirizano wa alembi a m'mayiko osiyanasiyana unayamba bwanji, komanso ngati umathandizadi kapena n'kungolemba makalata basi. Mundilole nditalikitseko, chifukwa nkhaniyi inafikapo pakhomo pathu penipeni.

Bungwe lodziwika kwambiri ndi PEN, lomwe linabadwira ku London mu 1921. Analiyambitsa ndi mayi wina wolemba, Catherine Amy Dawson Scott, ndipo mtsogoleri woyamba anali John Galsworthy. Poyamba inali kalabu yodyera pamodzi chakudya chamadzulo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangotha kumene, ndiye ankaganiza kuti alembi a mayiko amene ankaphana aja akamacheza patebulo limodzi, mitima izizizira. Galsworthy ankanenetsa kuti ndale zisalowemo.

Ndale zinadzalowa zokha mu 1933. Pa 10 Meyi chaka chimenecho, ophunzira otsatira Hitler anatentha milumilu ya mabuku pabwalo ku Berlin. Mwezi womwewo usanathe, PEN inachita msonkhano waukulu ku Dubrovnik, H. G. Wells ali pampando. Nthumwi za ku Germany zinakana kudzudzula zimene zinkachitika kwawo. Wells anapereka mpata kwa Ernst Toller, wolemba zisudzo wachiyuda amene mabuku ake anapsa nawo pamoto uja, kuti alankhule, ndipo Ajeremaniwo anatuluka m'chipindamo. Kwa ine, PEN yeniyeni inabadwa tsiku limenelo, pamene alembi anazindikira kuti kukhala chete n'kusankhanso mbali.

Zinazo zinatsatira. Mu 1937 analimbanira wolemba Arthur Koestler, amene asilikali a Franco, mtsogoleri wa asilikali oukira boma, anamutsekera ku Spain, mpaka anatuluka wamoyo. Mu 1948 ku Copenhagen anagwirizana mfundo zoti membala aliyense azitsutsa kutseka anthu pakamwa, kwawo ndi kwina kulikonse. Mu 1960 anakhazikitsa komiti yoona za alembi amene ali m'ndende. Chaka chilichonse pa 15 Novembala amawakumbukira, ndipo pamisonkhano yawo amasiya mpando umodzi wopanda munthu.

Sindikunamizani kuti nthawi zonse zimatheka. Ken Saro-Wiwa, wolemba wa ku Nigeria, dziko lonse linamupepesera, alembi anafuula mpaka mawu kusasa, koma boma la Sani Abacha linamunyonga pamodzi ndi anzake 8 pa 10 Novembala 1995. Nkhani imeneyo imandiwawa mpaka lero.

Koma tabwerani kuno kwathu. Jack Mapanje anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo. Pa 25 Seputembala 1987 apolisi anamugwira ku Gymkhana Club ku Zomba n'kukamutaya ku ndende ya Mikuyu. Sanamuuze mlandu, sanapite naye kukhoti.

Amene munabadwa pambuyo pa 1994, mumvetse kuti masiku amenewo munthu akatengedwa, dzina lake linkatha pakamwa pa anthu. Abale ankalira chamumtima, anansi ankalambalala khomo lanu. Kwathu usiku bambo ankatseka mawindo, n'kutsitsa wailesi mpaka kuigunditsa kukhutu kuti amve za dziko lawo lomwe kuchokera ku BBC. Ndipo ku Mikuyu komweko n'kumene anagonekedwa Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga mu Meyi 1983, asanakaphedwe ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Atatu mwa iwo anali nduna za boma, koma anapita mwakachetechete, dziko lakunja lisanadziwe kuti agwidwa.

Za Mapanje zinamveka kunja mwamsanga, ndipo phokoso silinaleke. PEN ndi Amnesty International anatumiza makalata osawerengeka ku boma la Kamuzu Banda. Ku London, Harold Pinter ndi alembi anzake anakaima pakhomo pa ofesi ya kazembe wa Malawi n'kumawerenga ndakatulo za Mapanje mokweza, zomwe kuno munthu sakanayerekeza kuzigwira m'manja. Mu 1988 anamupatsa mphoto ya ndakatulo ku Rotterdam, ndipo amene anakamulandirira ndi Wole Soyinka, wolemba wa ku Nigeria, yemwenso analawapo ndende kwawo kuyambira 1967 mpaka 1969. Mu 1990 PEN ya ku America inamupatsanso mphoto ina. Panthawi yonseyi mwini wake ankapeka ndakatulo m'mutu, poti cholembera ndi pepala zinali zoletsedwa, ndipo timakalata tinkazembetsedwa ndi asilikali ena a ndende a mtima wabwino.

Ndiye poyankha funso lanu, achimwene: kalata siithyola loko. Imene imagwira ndi ntchito ina, youza wosunga makiyi kuti munthu uyu tikumudziwa dzina, tikudziwa kumene mwamuika, ndipo akafa tidzafunsa. Boma lodalira thandizo la mayiko akunja, monga linalili lathu, limayamba laganiza kawiri. Ine ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake Mapanje sanapezeke pa ngozi ya galimoto.

Anatuluka mu Meyi 1991, atakhala m'katimo zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16, osauzidwabe chimene analakwa. Ntchito yake ya ku yunivesite sanabwererepo, ndipo chaka chomwecho ananyamuka ndi banja lake kupita ku Britain.