Chisa cha mavu pakhonde, musachiyandikire ndi foni

Sisi, mwalemba kuti mavu amanga chisa pamwamba pa chitseko chanu ndipo muli ndi khanda. Chonde chonde, amene akukuuzani mumakomenti muno kuti yandikirani mujambule bwino tione mtundu wa mavuwo musawamvere, sanalumidwepo amenewo. Ine mwana wanga anatsala pang'ono kundisiya chifukwa cha chithunzi chomwecho.

Tinkachita lendi ku Chilomoni nthawi imeneyo, mwezi wa October dzuwa likuswa mtengo, mavu nkhomola ofiira aja anamanga chisa pansi pa malata pakhonde penipeni pomwe timayanika mbale. Ndinawauza alandilodi mwaulemu, iwo akuti tumizani chithunzi pa WhatsApp. Ndatumiza chojambula patali, akuti sichikuoneka, mwina ndi bemberezi chabe inu azimayi mumachita mantha ndi zilizonse. Bemberezi ndimamudziwa ine, amaumba kanyumba ka dothi pakhoma ndipo sapsa mtima, izi zinali chisa chotuwa ngati pepala chazibowo cholendewera, mavu atadzazana bii. Ndiye mmalo moyitana anthu opopera mankhwala anatuma kamnyamata kawo kogwira ntchito masana dzuwa lili pamutu, osagogoda osati kunena kuti lowetsani ana m'nyumba ayi, kanangofika kukwera pa ndowa kuyandikitsa foni mpaka fulashi kuthwanima, kenako kutenga nsungwi kugogoda chisa chija kuti chigwe.

Ine ndili kuseri ndikuchapa ndinangomva kukuwa kwa mwana, kukuwa kwina kwake komwe mayi aliyense amadziwa kuti apa sikugwa ayi. Ndikuthamanga ndikupeza mnyamata uja wadumpha kale mpanda wathawa, mwana wanga wa zaka 4 ali pansi akugubuduzika mavu ali m'mutu, m'khosi, ena alowa m'malaya. Mavu sali ngati njuchi yoti ikaluma kamodzi mbola imatsala nkufa, limodzi lomwelo limabwereza kangapo, ndipo ukaliphwanya limatulutsa fungo loitana anzake, ndiye ine mmene ndimawamenya ndi chitenje ndi mmene amachulukira. Ndinangomukumbatira nkuthawira naye kuchipinda, inenso anandiluma pamkono ndi pakhutu koma sindinamve nkomwe nthawi imeneyo. Posakhalitsa milomo ya mwana yatupa, maso atsekeka, zidzolo thupi lonse ngakhale malo omwe sanalumidwe, kulira kuja kwasiya akungopuma mobanika ngati muli kawenzulo pakhosi. Aneba wina akuti pakani phulusa, wina akuti mankhwala otsukira mano, wina akupemphera, mayi wina wachikulire yekha ndi amene anakuwa kuti thamangani kuchipatala mwanayu akubanika. Ndinabereka mwana ndili ndi thovu la sopo m'manja, opanda nsapato, kukwera kabaza wa njinga yamoto, njira yonse ndikumuitana dzina mutu uli lende kumsana kwanga osayankha. Mpaka lero ndikamva kulira kwa vu pawindo mtima umandigunda. Kuchipatala anamubaya jakisoni wa adrenaline pantchafu pompo, kumuika mpweya ndi diripi, tinagona komweko. Anamwino anandiuza kuti thupi lake siligwirizana ndi ululu wa mavu ndipo akadzalumidwanso tisadzadikire kuona ngati atupe, tidzangonyamuka.

Alandilodi aja mukudziwa anati chani? Akuti mwana amatani pakhonde. Pakhonde pa nyumba yomwe ndimalipira mwezi ndi mwezi! Sanabwere kudzazonda, olo ya kabaza sanabweze, koma pa 1 uthenga wa lendi unafika mmawa kusanache. Mnyamata uja sindimuda kwambiri, anatumidwa, koma munthu wamkulu woti uli ndi nyumba zingapo kukanika kulipira opopera mankhwala nkutuma mwana wa eni ndi nsungwi, zimandiwawabe mpaka pano ndipo tinasamuka chaka chisanathe.

Ndiye inu ngati chithunzi chikufunikadi, imani patali mukoke ndi zoom, fulashi muzimitse, mujambule mmamawa kukadali kozizira pomwe mavu amakhala atafooka, ana ali m'nyumba mawindo otseka. Chikaoneka mbuu chionekebe choncho, amene akufuna chooneka bwino abwere adzajambule yekha. Osaponya miyala, osagogoda, ndipo za moto wa udzu kapena parafini zija anthu akulemba pamwambapa ayi, mitengo ya denga imakhala youma gwa nthawi yachilimwe ndipo ngati ndi nyumba yaudzu ndiye mutentha nyumba chifukwa cha chisa. Itanani odziwa ntchito yawo, musachite nokha.

Komabe kunena zoona kwathu kuja palibe wa mankhwala anabwera, anachotsa ndi bambo a kunyumba usiku womwe tinatuluka m'chipatala, anavala jekete yokhuthala, magolovesi, chitenje kumaso, tochi anaiyika pansi patali chifukwa mavu amathamangira komwe kuli kuwala, anapopera Doom botolo lonse nkulowa m'nyumba, mawa lake nkuchotsa chisa ndi jumbo nkupala pomwe chinamata kuti asabwererenso. Ngati chanu chili chaching'ono ndipo chikufikirika osakwera makwerero, amuna anu atha kuchita chimodzimodzi, bola asakhale munthu woti anatupapo thupi lonse atalumidwa.

Sungani Piriton ndi Panado m'nyumba, wina akalumidwa tsukani ndi sopo, ikani madzi oundana okulunga pansalu, mphete muvule chala chisanatupe. Kutupa pamalo olumidwa pokhapo sikoopsa, kumatha pakapita masiku. Koma milomo kapena lilime likatupa, kupuma kukavuta, chizungulire, kusanza, Piriton sangathandize pamenepo, thamangani kuchipatala osadikira galimoto ya aneba.

China, chisa chikakhala kutali kumtengo kapena kudimba chisiyeni, mavu amagwira mbozi kukadyetsa ana awo, amathandiza pa chimanga ndi ndiwo zamasamba, bambo anga kumudzi sankalola kuti tiziwaputa. Koma chanucho mwati chili pamwamba pa chitseko ndipo muli ndi khanda, chimenecho chisafike mawa madzulo, ndipo lero mwanayo muzitulukira naye khomo lakuseri.