Kwa achemwali a ku Chitakale: chitenje nachonso ndi hijabu

Waalaikum salaam achemwali. Mwafunsa ngati mwana wanu amene wayamba kuvala hijabu azingovala abaya, mkanjo wautali wakuda, wogula ku Limbe, poti anzake akumuseka kuti akavala chitenje amaoneka wachimidzi. Ayi ndithu, ndipo zimandiwawa kuti omusekawo ndi Asilamu anzake.

Surah An-Nur ya m'Qur'an, ndime 31, imauza akazi kuti mipango yawo ifike pophimba pachifuwa. Sitchula mtundu wa nsalu, sinenanso kuti ichokere ku Dubai. Zimene amashehe amatsindika ndi zoti chovala chisathine komanso chisaonetse thupi. Chitenje chokhuthala chimakwanitsa zimenezi kuposa abaya wina wopyapyala amene munthu akaima padzuwa zonse zili poyera.

Pitani naye ku msika wa Limbuli akasankhe yekha nsalu, muli zitenje zokongola zochokera ku Mozambique. Vuto lili kwa atelala. Ambiri anazolowera kusoka zogwira m'chiuno, ndiye mukangosiya nsalu n'kuchoka mukapeza diresi loti simungapite nalo ku mzikiti. Auzeni mwatchutchutchu: lifike m'akakolo, manja aatali, khosi lotseka, losang'amba m'mbali. Mpango wa mu Okutobala ukhale wa thonje. Wa poliyesitala umaterereka, ndipo thukuta lake mwana angadane nayo hijabu yeniyeniyo. Chiperoni chikayamba, juzi yotakasuka pamwamba basi.

Za kusukulu asaope. Pambuyo pa mkangano wa hijabu pa sukulu ina ku Balaka mu 2019, atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu anasainirana mgwirizano mu 2021 kudzera ku bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee (PAC) kuti atsikana azivala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, bola mtundu wake ugwirizane ndi yunifolomu.

Chinanso, ana athuwa amakhulupirira za anzawo chifukwa zithunzi zimene amaona pa TikTok ndi Facebook ndi za atsikana a kunja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu tilipo pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'Malawi muno, koma mayi wa ku Luchenza kapena ku Muloza atavala mpango ndi chitenje chake chosokedwa bwino simumuona pa zikwangwani zamalonda. Pa 1 Febuluwale, tsiku la hijabu pa dziko lonse, amene angamasuke atumize zithunzi zawo muno kuti mwanayo aone akazi a kwawo. Ine changa ndidzatumiza.