Kodi mwana amayamba liti kudzigwirira yekha botolo?

FUNSO: Ndine mayi wa mwana mmodzi wamwamuna amene wangokwanitsa miyezi 7. Ndinabwerera kuntchito ali ndi miyezi itatu, ndipo kuyambira pamenepo masana amamwa mkaka wa m'botolo umene ndimafinya m'mawa, ukaperewera timawonjezera wa m'chitini. Madzulo ndi usiku amayamwa. Mwana wa mnzanga, amene anabadwa mwezi umodzi ndi wanga, anayamba kale kudzigwirira botolo, koma wanga amangolimenya ndi manja n'kulisiya. Apongozi anga akuti tamulera mwaulesi, ndipo auza mtsikana amene amamusamalira kuti azimugoneka n'kutsamiritsa botolo pamtsamiro kuti aphunzire. Kodi mwana wanga wachedwa? Nanga njira ya apongoziyi ndi yabwino?
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo, mwana wanu sanachedwe. Ana ambiri amene amamwera m'botolo amayamba kuligwira okha ali pakati pa miyezi 6 ndi miyezi 10, ndipo alipo ena athanzi labwino amene saligwira n'komwe mpaka kufika posiya botolo n'kuyamba kumwera m'kapu. Kumbukiraninso kuti ana ochuluka m'dziko muno amakula ndi bere lokha osalionapo botolo, koma manja awo amakhwima bwinobwino. N'chifukwa chake kugwira botolo sikuli m'gulu la zinthu zikuluzikulu zimene anamwino ndi alangizi a zaumoyo amayang'ana pofuna kudziwa ngati mwana akukula bwino.

Kugwira botolo kumaoneka kophweka kwa ife akuluakulu, koma kwa khanda ndi ntchito imene imafuna kuti zinthu zingapo zikhwimire pamodzi. Mwana akangobadwa amafumbata chala chilichonse chimene chamukhudza pachikhatho, koma kufumbata kumeneku kumangochitika kokha iye osafuna, ndipo kumazilala akamafika miyezi 4 mpaka 6. Pamenepo m'pamene amayamba kutambasula dzanja mwadala kuti atenge chimene wachiona, kukumanitsa manja onse awiri pachifuwa, kupititsa zinthu kukamwa, kenako kusamutsa chinthu kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina. Pamwamba pa zimenezi khosi ndi msana ziyenera kulimba, pakuti mwana amene akulimbanabe ndi mutu wake sangathe kusamala za botolo. Ganiziraninso kulemera kwake: botolo la mamililita 240 likadzaza limaposa kota ya kilogalamu, pamene mwana wa miyezi 7 nthawi zambiri amalemera makilogalamu 7 kapena 8 okha, ndipo sayenera kungolinyamula chabe koma kulipendeketsa moyenera kwa mphindi zingapo uku akuyamwa, akumeza ndiponso akupuma.

Kusiyana kwa mwana wanu ndi wa mnzanu kusakudabwitseni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatsatira kakulidwe ka ana athanzi m'mayiko a Ghana, India, Norway, Oman ndi America, ndipo zotsatira zimene linatulutsa mu 2006 zinasonyeza kuti ana ena amakhala tsonga osagwiriridwa asanakwanitse n'komwe miyezi 4, pamene ena amafika miyezi 9, onsewo ali bwinobwino. Ngati kukhala kokha kumasiyana ndi miyezi 5 yathunthu, n'zosadabwitsa kuti ana awiri obadwa mwezi umodzi asiyane pa kugwira botolo. Palinso nkhani ya khalidwe. Mwana amene amayamwa madzulo ndi usiku, monga wanuyu, anazolowera kuti nthawi ya mkaka ndi nthawi yofungatiridwa, choncho akhoza kukhala ndi mphamvu zokwanira koma osaona chifukwa chogwirira ntchito imene wina akumugwirira. Umenewo si ulesi ayi.

Tsopano tifike pa malangizo a apongozi anu, chifukwa apa m'pamene pali nkhawa yanga yeniyeni. Sindikukayika kuti iwo akufunira mdzukulu wawo zabwino, ndipo analera ana amene lero ndi akuluakulu, koma njira yotsamiritsa botolo pamtsamiro kapena pachitenje chopindidwa ndi yoopsa ndipo iyenera kuleka lero lomwe. Mwana akamayamwa bere, mkaka umachepa iye akasiya kukoka, pamene botolo lopendekera pansi limapitiriza kudontha ngakhale mwanayo atatopa, atakhuta kapena atagona. Khanda limene silingathe kugwira botolo silingathenso kulikankha, ndiye mkaka umadzaza m'kamwa n'kulowera kunjira ya mpweya. Choopsa kwambiri n'chakuti mwana amene watsamwa kwenikweni salira ndipo sapanga phokoso, moti munthu amene akuchapa panja kapena akuphika angaganize kuti m'nyumba muli bata chifukwa mwana wagona. Ngakhale pamene sanatsamwe moonekera, mkaka wolowa m'mapapo pang'onopang'ono ungayambitse chibayo.

Kumwa chogona chagada kumavutitsanso makutu. Pali kanjira kamene kamalumikiza kukhosi ndi mkati mwa khutu, ndipo mwa makanda kanjirako n'kakafupi komanso kogona, motero mwana womwa atagona amadwaladwala makutu, mwinanso mpaka kutuluka mafinya, zimene zikabwerezabwereza zingasokoneze kumva kwake pa nthawi imene akuphunzira mawu. Mano nawonso ali pangozi. Mano oyamba amatuluka mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo akagona ndi botolo m'kamwa mkaka umakhazikika pamano pa nthawi imene malovu otsuka m'kamwa achepa, ndiye mano akutsogolo am'mwamba amayamba kuthimbirira n'kumabowoka. Zonsezi zimakhudzanso mwana amene waphunzira kale kugwira botolo. Tsiku limene wanu adzayambe kuligwira, adzafunikabe kukhala m'manja mwa munthu, mutu uli pamwamba, maso a womusamalira ali pa iye, ndipo asamapite nalo kogona.

Ndinene pang'ono za mtsikana amene akukuthandizaniyo. Nthawi zambiri botolo limatsamiritsidwa chifukwa wantchito wasiyiridwa zochapa, zophika ndi zokolopa, ndipo akuopa kuti madzulo afunsidwa chifukwa chake sanamalize. Muuzeni momveka kuti pa nthawi yomwetsa mwana ntchito zina zonse ziyambe zaima, ndipo musadzamukalipire mukapeza mbale zisanatsukidwe pa chifukwa chimenechi. Kwa apongozi, ndi bwino bambo a mwanayo akhale nawo pokambirana, kapena muwatenge tsiku la sikelo akamve okha kwa anamwino, kuti nkhaniyi isaoneke ngati mpongozi akutsutsa akuluakulu.

Ngati mukufuna kumuthandiza, njira yake ndi yofatsa. Pomumwetsa, mukhazikeni pamiyendo panu atatsamira pamkono, ikani timanja take m'mbali mwa botolo inu mutagwira kumunsi, ndipo akachotsa manja musamukakamize. Botolo laling'ono kapena lothiridwa theka limamupepukira. Koma mphamvu zambiri amazipeza posewera, choncho akakhala maso muyalireni mphasa yoyera, mugonekeni chafufumimba inu muli pomwepo, ndipo muikireni patsogolo zinthu zoti azifikira monga sipuni yaikulu kapena kapu ya pulasitiki. Mwana amene amakhala kumsana tsiku lonse amapeza mpata wochepa wogwiritsa ntchito manja ake.

Kunena zoona, pa msinkhu umene wafikawu ine ndikadakonda kuti khama lanu lipite ku kapu osati ku botolo. Mabungwe a WHO ndi UNICEF amalimbikitsa kuyamwitsa bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, kenako kupitiriza mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo pamodzi ndi zakudya zina, ndipo m'zipatala zathu ngakhale ana obadwa masiku asanakwane amamwetsedwa mkaka wofinya ndi kakapu. Chifukwa chachikulu ndi ukhondo. Kapu imatsukika mosavuta ndi sopo, pamene botolo lili ndi khosi lopapatiza ndi kansonga ka mphira mmene mkaka umabisala n'kuswetsa tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Mwana wa miyezi 7 akhoza kuyamba kumwera m'kapu yaing'ono yopanda chivindikiro inu mutaigwira, mukungofikitsa mkaka pamlomo osamuthira m'kamwa. Adzataya wambiri masiku oyamba, koma pofika chaka chimodzi ana ambiri amakhala akumwa bwino, ndipo madokotala a ana amalangiza kuti botolo lisiyidwe mwana ali pakati pa miyezi 12 ndi 18.

Pa nthawi imene mukugwiritsabe ntchito botolo, muzilitsuka ndi kuliwiritsa pamodzi ndi kansonga kake. Mkaka wa m'chitini suli wopandiratu tizilombo, choncho usungunulidwe ndi madzi owiritsa amene akadali otentha osachepera madigiri 70, kenako uzizire musanamupatse, ndipo muyezo ukhale umene walembedwa pachitini, osawonjezera madzi pofuna kuti chitini chikhalitse. Wotsala utayidwe, usasungidwe kudikira kuti mwana adzukenso. Mkaka wanu wofinya ukakhala kunja kwa firiji kukutentha usapitirire maola 4, mfundo yofunika kuikumbukira masiku amene magetsi azima. Musaike tiyi, Sobo kapena phala m'botolo, ndipo musakulitse bowo la kansonga kuti phala lidutse. Phala la mwana wa msinkhu uwu liyenera kukhala lolimbirako, lodyetsedwa ndi sipuni.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka simuyenera kudikira tsiku la sikelo. Ngati mwana wapitirira miyezi 6 koma satambasula dzanja kuti atenge chinthu, sapititsa zinthu kukamwa, zikhatho zake zimakhala zofumbata nthawi zonse, amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha linalo lili lende, thupi lake ndi lolobodoka kapena louma gwa, kapena wafika miyezi 9 asanayambe kukhala yekha, pitani naye kuchipatala. Chimodzimodzinso ngati wasiya kuchita zinthu zimene ankachita kale, kapena amatsokomola ndi kutsamwa nthawi iliyonse akamamwa. Kumeneko mukafotokoze ngati anachedwa kulira pobadwa, anadwala chikasu chachikulu ali wakhanda, kapena anadwalapo malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, chifukwa zimenezi zimathandiza adokotala kudziwa ngati akufunika mafizo, amene amathandiza kwambiri akayambika msanga. Ngati anabadwa masiku asanakwane, chotserani nthawi imene inatsalayo powerenga msinkhu wake, moti wobadwa kutatsala miyezi iwiri amene lero ali ndi miyezi 7 ayerekezedwe ndi ana a miyezi 5.

M'kalata yanu mwanena kuti mwana wanu amamenya botolo ndi manja, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti amaliona, amalifuna ndipo manja ake akulifikira. Mukapita kusikelo mwezi uno, tengani buku lake la kuchipatala, muwauze anamwino zimene amatha kuchita ndi manja onse awiri, ndipo muwapemphe akuonetseni kamwetsedwe ka kapu mtsikana wanu ali pomwepo.